Ndinalowera ku Katawa

Ana anga, Tiwonge ndi Lusungu, mutu unonso ndaulemba m'Chichewa chifukwa Chitumbuka chanu chimathera pa moni ndi pa "yewo". Sindikukudzudzulani. Amayi anu a ku Dowa anandigonjetsa m'nyumba mwanga momwe, ndipo ndinagonja mokondwa. Za ubwana wanga ku Rumphi ndazidumpha, poti aliyense anawetako mbuzi. Pano ndikufuna mudziwe za Che Amidu, telala wa ku Mchengautuwa amene ankakusokerani mayunifolomu, ndi chimene ndinawachita ndi pakamwa pangapa. Mwamvapo zidutswa kwa anthu. Ndi bwino mumve zonse kwa mwini wake.

Chaka choyamba, Mzuzu, mwezi wa Juni

Ndinayamba ntchito yomasulira m'khoti la majisitireti ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndinkakhala m'kachipinda ka lendi ku Salisbury Lines, komwe nthawi yachisanu nkhungu inkalowa mpaka m'bulangeti. Bwana wanga woyamba anali a Munthali, kalaliki wamkulu, bambo wamfupi wosaseka wamba, amene ankanola pensulo mpaka itatsala ngati chala cha mwana. Tsiku loyamba anandiimika pakhomo la ofesi n'kundiuza kuti, "Msiska, iwe ndiwe paipi. Madzi akalowa oyera, atulukenso oyera. Ukakayika, funsa. Wapulika?" Ndinati ndapulika, ndiko kuti ndamva. Pa msinkhu umenewo munthu amavomera chilichonse, maganizo ali pa nsapato zatsopano ndi pa atsikana a kukwaya.

Zinthu zinkasowa kwambiri. Pepala la kaboni tinkaligwiritsa ntchito mpaka kuonekera kuseri. Omasulira tinalipo atatu koma jekete yolowera m'khoti inali imodzi, yopachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo ine manja ake ankandibisa zala. Woweruza wathu anali wochokera kunja, wobwera kudzagwira ntchito zaka zochepa, ndipo sankamva chilankhulo chathu chilichonse. Sanali munthu woipa, koma ankathamanga ngati wasiya ndiwo pamoto. Tinamupatsa dzina loti Bwana Next, chifukwa mawu amenewo ankatuluka cholembera chisanafike pansi pa tsamba. Chimene ine ndanena m'Chingerezi ndi chimene iye ankalemba. Tsogolo la munthu linkadutsa pa lilime langa, koma ine ndinkangoona ulemu woimirira kutsogolo kwa anthu.

Lolemba linali tsiku la milandu ya pamsewu. Masiku amenewo kunalibe kachipangizo kopumira kamene apolisi amakuika pakamwa lero. Umboni woti dalaivala waledzera unali mphuno ya wapolisi, maso ofiira ndi mayendedwe a munthu. Ndiyenera kunena pano kuti Lolemba limene ndikukambali ine ndemwe ndinali ndi matsire. Dzulo lake ndinaswera pa masese ndi anzanga, ndipo mutu unkagunda ngati mtondo.

M'bokosi munakwera mnyamata wamtali, wochepa thupi, atavala kachipewa koyera ka Chisilamu. Dzina lake Amidu, kwawo ku Mangochi, dalaivala wa pikapu ya mwini sitolo wina m'tauni. Mlandu wake unali woyendetsa galimoto ataledzera, ndipo anaukana. Wapolisi anafotokoza kuti anapeza pikapu ili m'ngalande, dalaivala akudzandira, maso ali psuu, zovala zikununkha ngati kachasu. Anawonjezera kuti galimotoyo inkachokera ku Katawa, komwe aliyense ankadziwa kuti kuli mashabini. Itafika nthawi yake, Amidu anayankhula mothamanga, Chichewa cha kummwera chomeza mawu, maso ali pa ine.

"Bwana, nditachoka kumsika ndinalowera ku Katawa. Ndinalowera ndithu, sindikukana, kunali katundu wokatula. Pobwerera, potsetsereka paja, wanjinga anangotulukira, ine n'kukhotetsa, galimoto n'kugwera m'ngalande. Mutu ndinamenyetsa pachiwongolero. Mabotolo a sipiliti amene ndinaika kutsogolo anasweka n'kundinyowetsa thupi lonse."

Inu simungaone vuto pa mawu amenewa, chifukwa m'Chichewa kulowera kwinakwake ndi kupita chakumeneko basi. Koma m'Chitumbuka chimene ndinayamwa, kulowera ndi kuledzera. Chichewa ndinkachidziwa, cha m'kalasi, ndipo ndikanakhala pansi ndi pepala sindikanalakwa. Koma mlandu unali wa mowa, m'mutu mwanga munali mowa, khutu linangothamangira kwawo. Ndinaimirira bwinobwino m'jekete ya anthu atatu ija n'kuuza khoti m'Chingerezi kuti: nditachoka kumsika ndinaledzera ku Katawa, ndinaledzera ndithu, sindikukana.

Bwana Next anadzutsa mutu. Wapolisi woimira boma pa mlanduwo anali atayamba kale kusanthula fayilo yotsatira. Woweruza anandiuza kuti ndimufunse mnyamatayo ngati akutsimikiza zimene wanena, ine n'kumufunsa chimodzimodzi: "Mukutsimikiza zimene mwanenazi?" Iye anaika dzanja pachifuwa nati, "Ndikutsimikiza, bwana. Zoona zokhazokha." Za wanjinga ndi za sipiliti ndinamasulira bwino lomwe, koma ndani akanazimveranso? Anamupeza wolakwa, anamulipiritsa chindapusa, anamulanda laisensi kwa kanthawi, ndipo apolisi anamudinda zala. Akutsika m'bokosi anandinong'oneza kuti, "Achimwene, mwawauza za sipiliti zija?" Ndinati ndawauza. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wangovomereza kuti tsiku lamuipira. Ine ndinapita kumpopi kukamwa madzi, n'kuiwala.

Chaka chachinayi, Mzuzu, nthawi ya dzinja

Amati safunsa anadya phula. Ine sindinafunse, koma phulalo anadya ndi wina. Ndinazindikira patapita zaka zitatu, ndipo inandizindikiritsa ndi nkhuku. Ndinali nditakwatira amayi anu, iwe Tiwonge uli khanda la miyezi iwiri. Loweruka lina masana, mvula ikubwera, amayi anu anatuluka akufunafuna thadzi lathu lokhalo. "Abambo a Tiwonge, nkhuku ija yalowera kuti?" Ine pofuna kuwaseka ndinati sindinkadziwa kuti nkhuku za ku Dowa zimamwa, ndipo ngati yalowera tikaiyang'ane kumashabini. Ndinaseka ndekha. Kuseka kukadali m'kamwa ndinaona kachipewa koyera kaja, n'kumva mawu aja bwinobwino ngati akunenedwa pakhonde pomwepo. Ndinangokhala pansi.

Ndinawafotokozera amayi anu zonse, mvula ikugwa pamalata. Anamvetsera mpaka kumapeto nati, "Lolemba mupite mukanene." Ndinati ndipita. Lolemba ndinafika pakhomo la ofesi ya kalaliki wamkulu n'kubwerera. A Munthali anali atapuma, Bwana Next anali atabwerera kwawo, ndipo amene analowa m'malo mwa a Munthali ankachotsa anthu ntchito pa zifukwa zochepa kuposa chimenechi. Ndinadziuza kuti mwana ngwamng'ono, kuti laisensi ayenera kuti anamubwezera kale, kuti madzi akatayika saoleka. Zifukwa zinalipo zambiri ndipo zonse zinkamveka bwino, koma kunena zoona ndinkangoopa. Miyezi ingapo pambuyo pake kalata yondisamutsira ku Karonga inafika, ndipo ndinailandira ndi manja awiri.

Zaka khumi ndi zisanu za kumaboma

Ku Karonga kutentha kunkaumitsa riboni ya taipilaita, ndipo tinkaipaka kadontho ka mafuta a makina kuti ilembenso. Ku Chitipa mboni imodzi inkatha kusintha zilankhulo zitatu isanamalize kufotokoza za mbuzi imodzi, ndipo popita kukazenga milandu kumidzi tinkakwera lole ya chimanga chifukwa galimoto ya khoti inkakhala yopanda mafuta. Ku Mzimba tinkalemba kuseri kwa mafomu akale, moti munthu wamoyo ankatha kupeza mlandu wake uli kumbuyo kwa chisudzulo cha anthu ena. Mabwana ndinakumana nawo a mitundumitundu, ena aukali, ena aulesi, ena abwino kwambiri. Koma kulikonse ndinatchuka ndi chinthu chimodzi, kufunsa. Mboni ikanena mawu okhala ndi mitu iwiri, ndinkaimitsa khoti. "Pepani bwana, ndifunse kaye kuti akutanthauzanji." Woweruza wina ku Mzimba anatopa nane mpaka kunditcha Adada Funsani, ndipo dzinalo linandikanirira. Anzanga ankati ndine wosamala pa ntchito. Sankadziwa chimene chinandiluma.

Musaganize kuti nkhani iyi inandichititsa kumvera chisoni anthu oyendetsa galimoto ataledzera. Ayi ndithu. Ku Karonga ndinamasulira mawu a mayi wina amene mwana wake wamkazi anagundidwa ndi galimoto ya matola akuchokera kusukulu, dzuwa likuswa mtengo. Dalaivala ankangobwereza kuti anamwa mabotolo awiri okha. Mayiyo anafotokoza mmene anatolera makope a mwanayo m'mbali mwa msewu, limodzilimodzi. Womasulira amayankhula ngati mwini nkhani, choncho ine ndinayenera kunena ndi pakamwa panga kuti ndinatola makope a mwana wanga. Sindinathe kumaliza, khoti linaima kaye. Kuyambira tsiku limenelo sindinalawenso mowa. Lamulo limeneli ndi labwino, ndipo ndikanakonda likanakhala lolimba kuposa pamenepa. N'chifukwa chake zinkandiwawa kwambiri kuti ndinalisenzetsa munthu wosalakwa.

Chaka chimene tinabwerera ku Mzuzu

Ndinakwezedwa kukhala womasulira wamkulu, tinapeza nyumba ku Mchengautuwa. Sabata yoyamba ndinapita kukagula sopo pakagolosale kapafupi, kamene pakhonde pake panali makina osokera. Mwini wake anadzuka pamakinapo n'kundiyang'anitsitsa. Ndevu zinali zitayamba imvi, koma kachipewa kanali komweko.

"Pepani, si inu a Msiska a kukhoti?" Ndinavomera. "Ndine Amidu. Munandiyankhulira pa mlandu wanga kalekale. Ndimakukumbukirani, chifukwa tsiku lija munthu amene anandiyang'ana kumaso munali inu nokha."

Ndikanakonda akanandimenya mbama. Anandipatsa mpando n'kundifotokozera zonse mopanda mkwiyo. Mwini sitolo uja, Msilamu mnzawo, anawachotsa ntchito tsiku lomwelo. Laisensi anawabwezera ndithu, koma kulikonse kumene ankafunsira udalaivala mbiri inkafika patsogolo pawo. Anaphunzira utelala kwa amalume awo. Kumzikiti anthu ankawasiyira kampata kwa zaka zingapo. "Koma Mulungu ndi wamkulu, a Msiska," anatero. "Singano yandilelera ana." Ine ndinangoti zoona, n'kunyamula sopo wanga.

Kuyambira pamenepo chilichonse tinkagula kwa Che Amidu, monga aliyense ankawatchulira. Pa Idi ankatitumizira mpunga ndi nyama ya mbuzi, pa Khirisimasi ankabwera kudzaticheza. Nditagula kagalimoto kanga kakale kaja, kamene munkakachitira manyazi kusukulu, amene anandiphunzitsa kuyendetsa ndi iwo. Tinkapita pabwalo la mpira Lamlungu masana. Ankamvetsera injini ngati dokotala, n'kumanditukwana mwaulemu ndikakukuta magiya. Tsiku lina ndinatsika n'kuwauza kuti azungulireko bwalolo. Anagwira chiwongolero, nkhope yonse inasintha, anakhala ngati mnyamata uja. Anazungulira kamodzi kokha, mosalala, n'kuzimitsa. "Pamsewu ayi," anatero. "Wapolisi akandiimika n'kufunsa dzina, ndimayamba kunjenjemera. Ntchito imeneyi ndinkaikonda, a Msiska." Mawu anafika pamlomo penipeni tsiku limenelo, ine n'kuwameza, n'kufunsa za mabuleki.

Kuntchito ndinkaphunzitsa omasulira atsopano. Ndinali ndi mndandanda wa mawu onyenga, ofanana m'zilankhulo ziwirizi koma osiyana tanthauzo. Ndinkayamba ndi kukoma, komwe kwa Mchewa ndi kwa ndiwo zabwino koma kwa Mtumbuka ndi kupha, ndipo ankaseka mpaka misozi. Mawu amodzi okha sindinawaikepo pamndandandawo. Zinatero zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo Che Amidu anakhala mnzanga weniweni, ndinkawakonda. Amayi anu sankandikumbutsa kawirikawiri. Koma tsiku lina ndikubwera ndi katundu m'manja anandiyang'ana nati, "Sopo yense mukugula kwa Che Amiduyu sadzakuyeretsani, abambo a Tiwonge." Sindinadye bwino tsiku limenelo, koma m'mawa mwake ndinapita kuntchito monga mwa masiku onse.

Chaka chomaliza, mwezi wa Ogasiti

Nditatsala ndi miyezi isanu ndi iwiri kuti ndipume, Che Amidu anabwera kwathu Loweruka m'mawa atanyamula envelopu ya khaki. Mwana wawo Asiyatu, namwino amene amagwira ntchito kunja, anali woyembekezera, ndipo anawaitana kuti akaone mdzukulu komanso akachotsedwe ng'ala m'maso. Kuti awalole kukakhala kumeneko miyezi ingapo, pankafunika kalata ya apolisi yosonyeza ngati munthu anapezekapo wolakwa pa mlandu. Anakadinda zala, anadikira, kalata inatuluka. Wapolisi amene anawapatsa anawauza zimene zinalembedwamo.

"A Msiska, ulendowu ulekeke, zilibe kanthu. Koma Asiyatu akuti ndijambule kalatayi ndimutumizire pafoni. Mwanayu sadziwa. Ndinamulera ndikumuuza kuti m'nyumba mwathu mowa sunalowepo. Lero awerenge kuti bambo ake anayendetsa galimoto ataledzera?" Anapukuta diso ndi chala. "Inu malamulo mumawadziwa. Mlandu wakale chonchi sufufutika?"

Ndinawayankha ngati munthu wa kukhoti. Ndinati monga ndinkadziwira ine, zaka sizifufuta dzina m'kaundula wa apolisi, paja mlandu suwola. Njira imene ndinkaidziwa inali yopempha khoti lalikulu kuti liunikenso chigamulocho, koma pamafunika chinthu chogwirika chosonyeza kuti panalakwika. Iwo anaseka pang'ono. "Chogwirika ndichitenga kuti? Mabotolo aja anasweka kalekale." Anatsanzika, ine n'kuwaperekeza mpaka pageti. Nditabwerera ndinapeza amayi anu ataima pakhomo la khitchini. Anali atamva zonse, ndipo sanakweze mawu. "Chogwirikacho changowaperekeza mpaka pageti," anatero, n'kubwerera ku ntchito yawo.

Ndinavala nsapato n'kuwatsatira Che Amidu. Ndinawapeza pakhonde la golosale akulimbana ndi kulowetsa ulusi m'singano. Mpando ndinaukana. Ndinawauza nditaimirira, monga ndinkaimirira m'khoti: mawu amene iwo ananena, mawu amene ine ndinanena, matsire anga, nkhuku ya amayi anu, zonse. Anthu awiri anabwera kudzagula zinthu, atationa anabwerera okha.

"Kulowera," anatero pomaliza, ngati akulawa mawuwo.

"Kulowera."

"Munadziwa liti?"

"Tiwonge ali khanda."

Anawerenga zaka ndi milomo. "Ndiye kuti bambo anga anali akadali moyo." Anaika singano pansi. "Nkhaniyi inawafika ku Mangochi. Ndinalumbira pamaso pawo, iwo anati khoti la boma silinganame, iwe unavomera wekha. Kuchokera pamenepo sanadyenso nane mbale imodzi mpaka kumwalira. Mukanabwera chaka chimenecho, a Msiska, ndikanakukwezani basi mukanakawauza nokha."

Ndinalira, bambo wamkulu, pakhonde la golosale anthu akudutsa. Ndinati ndikalumbira kukhoti lalikulu, chibwere chibwere. Iwo sanandiyang'ane. "Pitani kaye," anatero. "Pitani kaye kwanu."

Chaka chomaliza, Seputembala mpaka Febuluwale

Lolemba ndinalowa muofesi ya bwana wanga womaliza, Mayi Nyasulu, woweruza wamkulu wa pakhoti pathu, mayi wa ku Nkhata Bay amene ndinamuona akuyamba ntchito. Anatseka chitseko n'kumvetsera osandidula mawu. "Adada, nkhani iyi ni serious chomene," anatero. "Kulakwisa mawu aliyense amalakwisa. Koma kukhala chete zaka zonsezi, pamenepo ndiye azakufunsani. Mwasala na miyezi yochepa. Mukuziwa kuti angakuchoseni?" Ndinati ndikudziwa. "Mwaganiza makora?" Ndinati ndaganiza bwino, zaka zoposa makumi atatu, zakwana. Kenaka anatsegula dilowa n'kundipatsa kiyi wa chipinda cha mafayilo akale.

Ndinatha masabata atatu m'chipindamo, nthawi ya nkhomaliro, ndikumasula mitolo yomangidwa ndi zingwe. Denga linkadontha m'dzinja, ndipo chiswe chinali chitadya milandu yambiri. Akuba ambiri anakhululukidwa ndi chiswe m'chipinda chimenecho. Ndikuulula kuti mbali ina ya mtima wanga inkapemphera kuti chikhale chitadyanso yathu. Sichinadye. Fayiloyo ndinaipeza itadyeka m'mphepete koma pakati pali bwino. Zolemba zothamanga za Bwana Next zinali pomwepo, mawu anga aja atawadula mzere kunsi. Pachikuto panali dzina la womasulira.

Loya amene anatithandiza anandilembetsa chikalata cholumbira. Titafika pa matsire anaimitsa cholembera nati zimenezo si zofunika pa lamulo, tikhoza kuzisiya. Ndinati zilembedwe. Munthu wosamwa anatchedwa chidakwa ndi munthu amene anali ndi mowa m'mutu, ndipo kusiya zimenezo kukanakhala kumasuliranso molakwa. Che Amidu anakasaina pempho lawo kwa loya yemweyo, tsiku lina. Miyezi yonseyo sanandiyankhule. Tikakumana panjira ankayankha moni ndi mutu. Kwa Asiyatu anangonena kuti mapepala achedwa.

Tsiku la kukhoti lalikulu ndinakwera m'bokosi la mboni koyamba m'moyo wanga. Ndi malo ang'ono kuposa mmene amaonekera ukakhala kunja. Jaji anali wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, ndipo mawu aja sanafune kuti ndiwafotokoze kawiri. Funso lovuta anandifunsa limodzi lokha, loti ndinakhaliranji chete. Ndinati, "Ndinkaopa, bwana." Anadikira kuti ndiwonjezere, koma panalibe chowonjezera. Ananena kuti chigamulo chakalecho chinatsamira pa mawu amene munthuyo sananene, choncho wachifafaniza, ndipo analamula kuti apolisi adziwitsidwe. Kenaka ananena mawu ena okhudza ine. Sindiwalemba pano, koma anali ondiyenera.

Sanandichotse ntchito. Ndinalandira kalata yondidzudzula, ndipo anandiletsa kuphunzitsa omasulira atsopano, ntchito imene ndinkaikonda kuposa zonse. Ena amene ankandipatsa ulemu anayamba kunong'onezana ndikamadutsa, ndipo ndinamva wina akufunsa mnzake mokweza kuti adada alowera kuti. Paphwando londitsanzika mipando yambiri inali yopanda anthu. Zinandiwawa, sindikubisirani. Amayi anu anavala chitenje chawo chabwino koposa tsiku limenelo n'kukhala kutsogolo.

Miyezi iwiri nditapuma

Apolisi anatenga nthawi yawo kukonza kaundula, moti mdzukulu wa Che Amidu anabadwa iwo ali konkuno. M'mawa wina ndikuthirira mpiru kuseri kwa nyumba, amayi anu anandiitana kuti kwabwera alendo. Ndinawapeza Che Amidu atakhala pabalaza, envelopu yatsopano ili pamwendo. Ndinasamba m'manja n'kukhala moyang'anana nawo. Chapambali panali mpando wina wopanda munthu.

"Ndakatenga dzulo," anatero. "Ku Mchengautuwa kuno odziwa Chingerezi ndi ambiri. Koma ndinaganiza kuti amene anayamba ndi amene amalize. Mundimasulire."

Ndinatulutsa pepalalo. Linali la mizere yochepa. Ndinawerenga mzere uliwonse m'Chingerezi kenaka m'Chichewa, mosathamanga: dzina lawo, kwawo, ndi kuti zala zawo zafufuzidwa m'kaundula ndipo sanapezeke ndi mlandu uliwonse. Anapumira m'mwamba n'kutsinzina.

"Asiyatu ndamuuza zonse," anatero. "Ndinaona kuti kubisa kwatipweteka mokwanira, ine ndi inu. Akuti ndikupatseni moni." Anasisita ndevu. "Za ntchito ija ndinakukhululukirani, a Msiska. Za bambo anga sindinathe. Mwina ndidzatha, Mulungu akalola. Sindikufuna kukunamizani."

Ndinati ndamva, ndipo sindikupempha zoposa pamenepo.

Analoza mpando wopanda munthu uja ndi chibwano. "Werenganinso. Koma mokweza, ndipo muyang'ane uko. Malemu bambo anga makutu ankawavuta."

Ndinatembenuza mpando wanga, n'kuyambiranso pa dzina.